Alamu anga akuti ndi digiri ya sitalaka

Mwana wa mchemwali wanga wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndiye Loweruka lapitali anandiitana kumudzi, kufupi ndi Mlangeni ku Ntcheu, kuti tikamve zimene akufuna kukachita kuyunivesite. Bambo ake anali atamusankhira kale unamwino. Mayi ake ankati uphunzitsi, poti mphunzitsi ngakhale malipiro achedwe, kulandira amalandirabe. Ine monga malume ndinapita ndi maganizo ongokadya nkhuku n'kuvomereza zimene eni ake agwirizana. Koma mtsikanayo atagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake, anati: "Ababa, ine ndikufuna maphunziro a za ubale wa olemba ntchito ndi olembedwa ntchito."

Alamu anga anayamba aika kaye chikho cha thobwa pansi. "Wati chiyani? Ine ndizikabindikira kudimba zaka zinayi, kachewere yense n'kumathera pa fizi, iwe uli kuphunzira sitalaka?"

Tonse tinaseka, ine ndemwe. Kuseka kwanga kunathera m'minibasi pobwerera ku Dedza, titaima pa Lizulu. Anyamata anayi ankakweza matumba a kachewere mu lole, matumba aja osokerera pamwamba mpaka kutalika kufanana ndi womusenza. Mmodzi anaterereka pa thabwa lokwererapo, anagwira m'chiuno, anzake n'kumuseka, iye n'kubwerera kukasenza lina. Ndinadzifunsa kuti msana umenewu ukanathyoka, mnyamatayu akanapita kwa yani, ndipo akanakanena kuti chiyani. Ndiye ndati ndiwayankhe alamu anga poyera, pamodzi ndi makolo ena amene akamva za maphunzirowa amaona ngati mwana akufuna kukaphunzira chipongwe. Ine ndikuti mwanayo amusiye apite. Koma sindiwanamiza kuti njira yake ndi yolambula.

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinali kalaliki wa malipiro pa kampani ina yocheka matabwa kuno ku Dedza. Dzina lake tisiye. Tsiku lina m'mawa mu June, nthawi ija chifunga chimatsika m'phiri mpaka osamuona mnzako ali poteropo, zala zili gwa ndi chisanu, macheka anadya zala zitatu za kudzanja lamanja la mnyamata wina wochokera cha ku Bembeke. Anamukulunga ndi malaya ake omwe n'kumukweza pa lole ya matabwa ulendo wa kuchipatala. Patatha masabata atatu anabwera. Bwana anandiitana nati, "Lemba kalata yoti walandira chipepeso ndipo nkhani yatha." Ndinalemba, m'Chingerezi chabwino ndithu, ndipo ndinanyadira kuti palibe pamene ndinalakwitsa. Ndalama yake inali ngati malipiro a miyezi iwiri. Pofika posaina panavuta, chifukwa dzanja lolembera linali m'bandeji, ndiye ndinamugwira chala chachikulu chakumanzere n'kuchiviika mu inki. Polandira envelopu anafuna kuomba m'manja monga timachitira mwaulemu. Anangogunda dzanja labwinolo pachifuwa, nati, "Zikomo bwana."

Patapita zaka m'pamene ndinadziwa kuti tsiku limenelo dziko lino linali kale ndi lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000. Lamuloli limati ngozi yotere ikanenedwe kuleba, dokotala ayeze kuti munthuyo walumala motani, ndipo chipukuta misozi chiwerengedwe potengera malipiro ake ndi kukula kwa chilemacho. Chifundo cha bwana sichilowapo pa masamu amenewa. Sindikuti bwana uja anali mfiti. Ndikhulupirira nayenso ankadziwa theka chabe la lamulolo, kapena osalidziwa n'komwe. M'chipinda muja tinalimo anthu atatu, wolemba ntchito, wolembedwa, ndi ine wogwira cholembera, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wodziwa chimene chimayenera kuchitika. Amene anataya ndi amene anali atataya kale zala.

Maphunziro amene mwanayu akufuna amaphunzitsa munthu wachinayi amene anasowa m'chipinda muja. Muli malamulo a zantchito. Muli zachuma, makamaka funso lakuti mtengo wa thukuta la munthu amaukhazikitsa ndani, ndipo umakwera kapena kutsika chifukwa chiyani. Muli mbiri ya mabungwe a ogwira ntchito, luso lokambirana za malipiro pakati pa yuniyoni ndi mabwana, kuyanjanitsa anthu amene asemphana, chitetezo ndi umoyo wa pantchito, ndiponso kuwerenga mabuku a ndalama a kampani. Kumayiko ena ndi digiri yoima payokha kuyambira kale: ku America, Cornell University inatsegula sukulu yake ya maphunzirowa mu 1945, nkhondo yachiwiri itangotha, pa nthawi imene masitalaka ankagwedeza mafakitale a dzikolo. Kuno kwathu nthawi zambiri amabisala m'mimba mwa maphunziro ena, monga digiri ya Human Resource Management imene imaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba ndi m'makoleji ena, kapenanso m'maphunziro a zamalamulo.

Pamenepa pali kusiyana kumene mwana aliyense wosankha ayenera kukumvetsa. Wophunzira kuyang'anira antchito amaphunzitsidwa kuona zinthu atakhala pampando wa kampani: tilembe yani, timuphunzitse chiyani, timukweze liti, timuchotse bwanji. Wophunzira za ubale wa pantchito amayamba ndi kuvomereza kuti bwana ndi wantchito safuna chinthu chimodzi. Wina akufuna ntchito yambiri pa ndalama yochepa, wina ndalama yambiri pa thukuta lochepa, ndipo palibe woipa pa awiriwo, ndi mmene malonda amakhalira. Funso ndi lakuti kukokanako kuyende bwanji popanda wina kuswedwa mutu. N'chifukwa chake mafuwa ake ndi atatu, boma, olemba ntchito ndi olembedwa. Bungwe la padziko lonse loona za ntchito la ILO, limene linakhazikitsidwa mu 1919, limakhala motero pamisonkhano yake, ndipo kuno kwathu patebulo lotere pamakhala unduna wa zantchito, bungwe la olemba ntchito la ECAM ndi la ogwira ntchito la MCTU. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro otsikitsitsa anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu February 2024. Nambala imeneyi siinagwe kumwamba ngati matalala. Anthu anakhala pansi n'kukangana, mbali iyi ikuwerenga mtengo wa thumba la chimanga ndi lendi, mbali inayo ikuwerenga makampani amene angatseke. Amene anabwera ndi masamu olimba ndi amene anamvedwa. Sitalaka imene alamu anga akuiopayo ndi kachigawo kakang'ono ka nkhani yonseyi, ndipo kawirikawiri imabuka pamene odziwa kukambirana asowa.

Malamulo tili nawo, ndipo si oipa ayi. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka, kulipidwa moyenera ndi kulowa yuniyoni. Labour Relations Act ya 1996 ndiyo inaika ndondomeko ya mayuniyoni ndi khoti la milandu ya zantchito, la Industrial Relations Court. Employment Act ya 2000 imati sabata ya ntchito ndi maola 48, opitirira pamenepo ndi ovataimu. Imati mayi woyembekezera apatsidwe masabata 8 a tchuthi akulandira malipiro ake onse. Imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumuneneza cholakwa apatsidwe mpata wodziteteza. Nkhani ikafika kukhoti, ndi bwana amene ayenera kuonetsa chifukwacho, akalephera ndiye kuti anachotsa munthu mopanda chilungamo. Anthu angati pa boma la Ntcheu kapena pa Dedza akudziwa zimenezi? Ine ndinalemba malipiro zaka zisanu ndi ziwiri osazidziwa.

Kachinthu kamodzi m'lamulo lomweli kamandiwawa kuposa zonse. Wochotsedwa ntchito ali ndi miyezi itatu yoti akadandaule kwa mkulu wa leba wa m'boma lake. Tsono onani mmene munthu wa kwathu amachitira. Mlonda wa pa sitolo akauzidwa kuti mawa asabwerenso, sathamangira kuleba. Amayamba wadikira kuti mwina mtima wa bwana utsika. Kenako amatuma m'bale wake kukapepesa. Kenako amapita kwa amfumu, kenako kwa abusa kapena abambo a kuparishi kuti akamulankhulire. Zonsezi ndi ulemu wathu, ndipo sindikuunyoza, poti nthawi zina umagwira ntchito. Koma pamene akuti tsopano ndipite kuleba, mvula yagwa, chimanga chamera, miyezi itatu ija yapita. Ife tinakula tikumva kuti mlandu suola. Kumudzi n'zoona. Kuleba mlandu umaola, ndipo palibe amene anamuuza mlondayo.

Alamu anga amaona ngati nkhani za mabwana ndi antchito ndi za anthu a m'tauni ovala mataye. Ndiwakumbutse kuti mbiri ya dziko lino ndi mbiri ya ntchito. Thangata, uja munthu ankalipira malo okhala pogwira ntchito yaulere m'munda wa mzungu, ndi chimodzi mwa zimene zinautsa mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915. Agogo athu ambiri a ku Ntcheu ndi ku Dedza anatsika m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kumigodi, ena osabwerako, ena kubwera ndi chifuwa chosapola ndi wailesi. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Mpaka lero kuli nkhalamba zimene zikuyendabe ndi timapepala tothethekatu, kufunafuna ndalama zawo za kumigodi. Ndipo tisaiwale kuti mwana wa dziko lino, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, ndiye anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919, limene pofika cha mu 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Mmalawi anaphunzitsa anthu a ku South Africa kugwirizana pantchito, kwawo kuno luso lake n'kukhala chinthu choopedwa.

Mantha a alamu anga ali ndi kochokera, ndipo ndimawamvetsa. Anakula m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene mayuniyoni anamangiriridwa kuchipani ndipo kutchula mawu oti sitalaka pagulu kunali kudziitanira galimoto la usiku. Koma amene anathandiza kutsegula pakamwa pa dziko lino ndi omwewo. Mu March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inadzudzula, mwa zina, malipiro ochepa ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Mu April Chakufwa Chihana, amene anali mtsogoleri wa mayuniyoni a kumwera kwa Africa kuno, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto unafalikira, ndipo anthu oposa 30 anafa pa zipolowe zimene zinatsatira. Chaka chotsatira tinaponya voti ya riferendamu. Voti imene alamu anga amadzuka nayo mbandakucha kukaima pamzere ili ndi fungo la thukuta la anthu a m'fakitale.

Tsono ku funso lawo lenileni, limene analifunsa tikudya: "Ntchito yake akaipeza kuti?" Ili ndi funso la munthu wolipira fizi, ndipo siliyankhidwa ndi mbiri. Namwino amadziwa kolowera, ngakhale masiku ano nawonso akumadikira zaka asanalembedwe. Womaliza maphunzirowa malo ake ndi monga maofesi a leba, mabanki, makampani a shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo, minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, makampani a fodya ku Kanengo, makhonsolo, mabungwe othandiza anthu, ndi mayuniyoni. Mndandandawu ukuoneka wautali, koma mipando yake ndi yochepa, ndipo kampani ya antchito mazana awiri imatha kukhala ndi munthu mmodzi yekha woona za antchito. Mayuniyoni ndi osauka, amadalira timakobidi todula kwa mamembala. Mwanayu akhoza kumaliza n'kukhala chaka kapena ziwiri akutumiza makalata. Amene angamuuze zosiyana ndi izi akumunamiza.

Pali chinanso chachikulu kuposa apa. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito m'Malawi muno, 89 ali pa ntchito zosalembedwa paliponse, zopanda kontirakiti, penshoni kapena tchuthi. Wina anganene kuti ndiye digiriyi ndi ya anthu 11 okhawo, bwanji osaphunzira zina. Ine nambala yomweyi ndimaiwerenga chogadamiza. Anthu 89 aja nawonso ali ndi mabwana, amapangana malipiro, amaberedwa, amavulala. Kungoti palibe amene anaphunzira kuwayang'ana.

Tengani ganyu, amene aliyense wa kuno amamudziwa ngati chikhatho chake. Mwini munda amaloza ndime, mumawerenga mizere, mumagwirizana mtengo, pena ndalama, pena chimanga cha m'beseni, pena kachewere wamng'onomng'ono wotsala posankha wa kumsika. Mu January ndi February, nkhokwe zitapepuka, ofuna ganyu amachuluka ndipo mtengo wa mzere umatsika, pa nthawi yomweyo imene chimanga chakwera pamsika. Waganyu amasiya munda wake uli thengo kukapalira wa mnzake, chaka chamawa n'kukolola zochepa, n'kubwereranso kuganyu. M'makalasi a zachuma amajambula zimenezi pabolodi ndi mizere iwiri yopingasana. Ife timaziona pakhomo. Tengani atsikana a ku Mayani, ku Lobi, ku Kasinje, amene amatengedwa kupita ku Lilongwe ndi mawu oti "tikamusunga ngati mwana wathu," mawu amene kawirikawiri amatanthauza kuti za malipiro tisakambe. Boma limaika malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba, ndipo lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, koma mayi amene akupereka mwana wake pa siteji sanamvepo zimenezi. Tengani anyamata a kabaza oyendetsa njinga yamoto ya mwini, amene amayenera kupereka ndalama yoikika madzulo alionse, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa. Kodi ameneyu ndi wantchito kapena wobwereka njinga? Akachita ngozi, alipira ndani? Funso lomweli linavutitsa makhoti a ku London mpaka mu 2021 pa nkhani ya madalaivala a kampani ya matakisi ya Uber, ndipo ife tili nalo pa siteji ya Ntcheu popanda wolifunsa.

Za matenanti ndiye zimandikhudza kwambiri, chifukwa malole otenga mabanja kupita ku maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji ankadzaza konkuno. Banja lonse limagwira, bambo, mayi ndi ana, chakudya akulandira pangongole, ndipo fodya akagulitsidwa ku okushoni bwana amachotsera chimanga, feteleza, sopo, mankhwala, mpaka wina kubwerera kwawo ndi thumba la zovala lokha. Mu November 2019 dziko la America linaimitsa fodya wa Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'malamulo. Chabwino. Koma kuthetsa chinthu papepala ndi tsiku limodzi. Kuti tenanti asanduke wantchito wolandira pamwezi pafunika munthu wowerenga kuti mlimi wa fodya, amene ndalama amaiona kamodzi pachaka, azilipira bwanji mwezi ndi mwezi, munthu wolemba kontirakiti imene onse awiri angaimve, munthu woyendera maesiteti. Anthu amenewa sabadwa, amaphunzitsidwa. Chaka chomwecho aphungu anasinthanso lamulo la masitalaka, kuti onyanyala ntchito azilipidwa masiku atatu okha pachaka, opitirira pamenepo bwana atha kudula. Mayuniyoni analira, olemba ntchito anaomba m'manja, ife ambiri sitinamve n'komwe kuti mkanganowo unali wa chiyani. Ndipo mu November 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Ndi Wenela wa masiku ano, ndipo ndikanakonda kuti mwana aliyense wosaina pepala la ulendo wotere akhale ndi munthu wa kwawo womuwerengera mzere ndi mzere.

Mchemwali wanga, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anadzafunsa funso lopweteka kuposa la amuna ake. "Achimwene, inu mukuti adzathandiza osauka. Koma akadzalembedwa, si adzakhala wa mabwana? Si iyeyo azidzalemba makalata ochotsa anthu ntchito?" Anandigwira pamenepa, chifukwa ndi zoona. Mipando yolipira bwino ili kumbali ya kampani, ndipo mbuzi imadya pamene aimangirira. Mwanayu tsiku lina adzapatsidwa maina makumi awiri kuti awachepetse pantchito, ndipo adzalemba. Koma ine ndinakhalapo kumbali imeneyo ndili mbuli, ndipo ndikudziwa zimene umbuli wa kumeneko umachita. Wodziwa lamulo akakhala pafupi ndi bwana amatha kunena kuti, "Bwana, munthuyu timumve kaye mbali yake, apo ayi tikaluza kukhoti," ndipo bwana amamva, chifukwa kampani iliyonse imaopa kulipira chipukuta misozi. Amatha kunena kuti penshoni imene tadula kwa antchito, 5 peresenti yawo ndi 10 peresenti yathu, ipite kumene iyenera kupita mwezi uno. Reserve Bank yakhala ikudandaula za olemba ntchito amene amadula ndalamazi osazipereka, ndipo munthu amadzazindikira atakalamba kuti m'thumba lake mulibe kanthu. Nditakhala kuti ndinkadziwa, kalata ija ya mnyamata wa ku Bembeke sindikanailemba choncho. Kaya bwana akanandimvera, kaya akanandichotsa, koma mnyamatayo akanatuluka akudziwa khomo logogoda.

Ndili nawonso mawu a masukulu athu a ukachenjede, poti sindingamutumize mwana ndi maso otseka. Ndakumana ndi achinyamata angapo omaliza maphunziro oyang'anira antchito. Amadziwa maina a akatswiri a ku America ndi mapiramidi a zofuna za munthu, koma ukawafunsa kuti mlonda amene wagwira zaka zisanu ndi chimodzi n'kuchepetsedwa pantchito ayenera kulandira zingati, amayamba kufufuza pafoni. Mabuku awo amakamba za fakitale ya antchito zikwi zisanu, pamene dziko lathu ndi la chigayo cha antchito atatu. Wophunzira zimenezi asalandire digiri asanakhalepo mwezi wathunthu pabenchi ya ofesi ya leba ya m'boma, kumvetsera anthu amene amabwera ndi madandaulo, asanakhalepo kumbuyo kwa khoti la zantchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuona mmene mlandu umatengera zaka. Ndipo aziyesedwa m'Chichewa. Lamulo lili m'Chingerezi, koma wolumidwa nalo amalira m'chinenero chake. Ngati mwana wa digiri sangathe kufotokozera mayi wa ku Golomoti kusiyana kwa notisi, ndalama ya tchuthi ndi ndalama yotsanzikira, m'mawu amene mayiyo angakabwereze kwa mwamuna wake madzulo, ndiye zaka zinayi zija waphunzira kulankhula ndi mabwana okhaokha.

Kwa mwanayo ndinanena zochepa. Ndinati asakopeke ndi dzina la digiri, ayang'ane mndandanda wa maphunziro ake chaka ndi chaka, awerenge kuti a malamulo a zantchito ndi angati, a zachuma ndi angati. Afunse ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE, chifukwa makoleji amera ngati bowa ndipo ena mapepala awo ndi okulungira mandasi. Ndinatinso asathawe masamu. Pa zokambirana za malipiro, kampani ikati chaka chino sitinapindule, wopambana ndi amene angatsegule mabuku awo n'kuloza pamene phindu labisala, kapena kubwerera kwa anzake n'kuwauza mosaopa kuti bwana sakunama, tikakakamira titseketsa kampani. Zonse ziwirizi zimafuna munthu wosachita chizungulire ndi manambala.

Alamu anga sanavomere, komanso sanakane. Anati aganizira, zimene kwa iwo ndi ulendo wautali. Dzuwa litapendeka anatuluka kukalipira aganyu awiri amene ankakumba kachewere kudimba kuyambira m'mawa, bambo wina wachikulire ndi mwana wake. Tinawatsatira ndi mtsikanayo. Panabuka kamkangano, aganyu akuti anagwirizana kulipidwa pa thumba lililonse, alamu anga akuti ayi, anapangana za ndime yonse. Aliyense ankalumbira, ndipo ndikhulupirira kuti panalibe wonama, m'mawa muja aliyense anamva zake. Pomaliza anakumana pakati, onse nkhope zili zolimba.

Aganyu atapita, mtsikanayo anatola khasu limene linatsala m'mizere, nati motsitsa mawu, "Ababa, Lolemba akamabwera mundidzutse. Ndidzalemba m'kope zimene mwagwirizana, ndiwawerengere onse asanayambe kukumba."

Alamu anga anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine ngati ndine ndamutuma. "Ndiye udzalembera mbali ya yani, yanga kapena yawo?"

Mtsikanayo anati kope lake ndi limodzi. Bambo ake anapukusa mutu n'kuyamba kuwerenga matumba, ndipo atafika pa lachisanu ndi chiwiri anamuuza, osatembenuka, kuti aganyuwo amafika isanakwane sikisi.